Delma ndi Fyuzi ya kwa Stipe

Mkazi wanga Delma ndi mwana wa munthu wokwera mapolo. Bambo ake, a Trewartha a ku Kadina, anakoka mawaya a magetsi zaka makumi atatu, ndipo poti mwana wamwamuna sanam'peze, zonse zimene akanam'phunzitsa anazithira mwa Delma. Akulu ake awiri anaphunzira kusoka ndi kuphika makeke. Iye pofika zaka khumi ankadziwa kale kuti waya wa fyuzi ya mababu ndi wowonda ngati tsitsi, wa masoketi ndi wonenepako, ndipo wa chitofu ndiye wonenepa kuposa onse. Mpaka lero mpunga amaupsereza, koma zimenezo sanaiwalepo.

Ine ndine Lindsay. Ndinayendetsa makina onyamulira zitsulo ku fakitale ya ku Whyalla mpaka mawondo atandikana. Chitsulo cholemera ngati nyumba ndinkachikweza m'mwamba n'kukachikhazika pamene akufuna osakhudza kanthu. Koma magetsi ayi. Ndili mwana ndinagwira waya wa wailesi ya amalume ndi manja onyowa, ndipo ndinadzidzimuka ndili kukhoma, m'kamwa muli magazi. Chiyambire tsiku limenelo ngakhale babu ndimasintha mtima uli m'mwamba.

Tinakumana mu 1968 pa ukwati wa msuweni wanga, mu holo ya tchalitchi ku Kadina. Anali masana, anthu atangoyamba kudya. Amayi a kukhitchini analumikiza maketulo awiri akuluakulu a tiyi ndi kauvuni kotenthetsera chakudya malo amodzi, ndiye galamafoni inangoti zii pakati pa nyimbo. Amuna tinatuluka tonse kupita kubokosi la mita kuseri kwa holo n'kuima molizungulira, manja m'chiuno. Maganizo aliyense anali nawo, koma wotsegula bokosilo panalibe.

"Tapatukani, abambo," anatero mawu kumbuyo kwathu.

Anali mtsikana wamfupi wa diresi lobiriwira, kachikwama m'khwapa. Anali atadzera kale kukhitchini kukazula mapulagi onse. Anapukuta manja ndi kampango, natsitsa swichi yaikulu ija yozimitsa nyumba yonse, kenako n'kuyamba kuzula timafyuzi tadothi toyera tija kamodzikamodzi, kukayang'ana padzuwa, n'kukabwezera. Kachitatu anakapeza kali ndi waya woduka, kuda bii. M'kachikwama muja anatulutsa kakatoni kokulungapo mawaya ndi kasikuludiraiva kofiira. Mphindi zitatu sizinakwane, nyimbo inapitirira pamene inalekera.

"Ketulo imodzi basi," anauza amayi aja. "Inayo kailumikizeni kuchipinda china. Mukabwereza ipsanso."

Amalume anga anafunsa kuti bwanji osangoikapo waya wonenepa kuti zisavutenso. Delma anawayang'ana ngati afunsa zomwa palafini.

"Kawaya aka anakapangira kufa," anatero. "Kakapanda kufa iko, imafa ndi nyumba."

Ndinam'pempha kuvina. Anandiponda kawiri, sanapepese. Patatha zaka ziwiri tinakwatirana, n'kupatsidwa nyumba ya boma ku Whyalla, mu msewu wa nyumba zofanana ngati mazira, fumbi lofiira la kufakitale lili pa mawindo onse.

Nyumba zimenezo mawaya ake anali ochepa mphamvu, ndipo kukazizira mu Juni aliyense ankayatsa hita. Sipanatenge nthawi kuti msewu wonse udziwe za Delma. Pakhomo pakamveka kugogoda, ine ndikatsegula, funso linali limodzi: "Delma alipo?" Palibe tsiku limene munthu anafunsapo kuti Lindsay alipo. Delma ankavula epuloni, kuvala nsapato zake za mphira, kutenga kachikwama, n'kumapita akuimba mluzu. Pobwera ankabwera ndi mazira, mandimu, kapena nsomba zokulungidwa mu nyuzipepala. M'mawa ankagulitsa mu sitolo ya nsapato, masana kulera ana athu aakazi awiri, Narelle ndi Kym, ndipo ntchito ya mafyuziyi ankangoichita ngati mmene wina amabwereketsera mchere.

Anali ndi lamulo lake, ndipo msewu wonse unkalidziwa. Fyuzi ikapsa koyamba amakonza, koma mutamuonetsa chimene chaipsereza. Ikapsanso kachiwiri amakonza akukalipa. Kachitatu sakhudza, amakuuzani kuti itanani Merv Kloeden wamagetsi, chifukwa fyuzi yopsa katatu ndiye kuti ikukuuzani kanthu. Mayi Rasheed a pa nambala 12 anamudandaulira mpaka misozi tsiku lina, makeke ali mu uvuni, koma Delma anakana. Anangonyamula makekewo kudzawaphikira kwathu.

Poyamba ndinkanyadira. Koma amuna a kufakitale pakamwa pawo sipauma. Clarrie, amene ndinkasinthana naye pa makina, ndiye anali mtsogoleri wa chipongwe.

"Aise Lindsay, akuti kwanu woyatsa ndi mayi, iwe ntchito yako n'kugwira tochi?"

Ndinkaseka nawo, chifukwa ukapsa mtima ndiye wawapatsa ndiwo. Koma zinkandilowa. Mu msewu mwathu ana ankanditchula kuti mwamuna wa Delma, ngati dzina ndinalibe.

Nyumba ya kumanzere kwathu munkakhala Stipe Baric ndi mkazi wake Ankica. Anachokera ku Yugoslavia kudzawotcherera sitima zapamadzi, ndipo ntchito ya sitima itatha Stipe analowa kufakitale kwathu. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka khumi, koma wamtali, msana wowongoka, tsitsi la imvi lodzaza mutu wonse, pamene ine dazi linali litandipeza ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Ankalima matimati akuluakulu ngati zibakera, akuimba nyimbo za kwawo ndi mawu a besi. Ankica anali wofatsa, telala wosoka madiresi a ukwati. Ana analibe. Ankica anadwala khansa chaka chimodzi, namwalira mu Malichi 1982. Kuyambira pamenepo kuimba kuja kunaleka, ndipo ndinene zoona, ndinamumvera chisoni munthuyo.

Chisoni changa chinatha mu Juni.

Loweruka lina masana kunamveka kugogoda. Nditatsegula ndinapeza Stipe, malaya ositidwa bwino, tsitsi lopesedwa.

"Pepani a Lindsay. Mayi Delma alipo? Magetsi a m'masoketi andithawa."

Delma anapita, nabwera patatha mphindi khumi. Anati Stipe akuti ndi ketulo, ndipo aitaya. Loweruka lotsatira anagogodanso, malaya ena, ositidwanso. Ulendo uno Delma anatha mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo anabwera ndi botolo la matimati, m'kamwa mukununkhira khofi. Akuti inali wailesi yakale. Loweruka lachitatu ndinadikira kumva Delma akutchula dzina la Merv Kloeden. M'malo mwake ndinamuona akuvala nsapato za mphira zija.

Ndinatuluka kukathirira mtengo wa mandimu wa pafupi ndi mpanda, umene mvula inali itauthirira kale m'mawa womwewo. Ndinamva bokosi la mita likutsegulidwa, swichi kuti thi, kenako patapita kanthawi thi kachiwiri. Ntchito inathera pomwepo. Koma Delma sanabwere. Chitseko cha khitchini ya Stipe chinatsekedwa, ndipo patapita nthawi ndinamva kuseka. Delma akaseka zenizeni amagadamitsa mutu, kuseka kwake kumamveka mpaka kumsewu. Ndinayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene ndinam'seketsa choncho ine, sindinalipeze. Madzi anadzaza m'nsapato zanga osadziwa.

Anabwera patatha mphindi makumi anayi.

"Lamulo lako lija lapita kuti?" ndinam'funsa asanakhale n'komwe pansi.

"Liti?"

"La katatu. Mayi Rasheed unawakaniza akulira. Koma Mayi Rasheed alibe tsitsi la imvi lopesa bwino, eti?"

Anandiyang'ana, kenako n'kuphulika kuseka, koma kuseka kwina, kopweteka.

"Lindsay, munthu uja waika mkazi wake m'manda miyezi itatu yapitayi."

"Ndiye chake. Malo alipo."

"Pakamwa pako pakununkha. Ukatsuke." Anavula nsapato n'kuziponya pakona. Kenako anati, mawu atatsika, "M'nyumba muja muli kanthu kamene akubisa. Akuti lero inali hita, koma hita ndaiyang'ana, ilibe vuto. Chipinda cha kumbuyo amachitseka ndikalowa."

Iye ankanena za magetsi. Ine ndinangomva zoti mkazi wanga wayendayenda m'nyumba ya mwamuna wina mpaka kudziwa chitseko chimene chimatsekedwa.

Nkhani inafika kufakitale, sindidziwa anaitenga ndani. Clarrie anandidikira pa nthawi ya chakudya, anthu ali ambiri.

"Aise, fyuzi ya mnansi wako ikupsa Loweruka lililonse bwanji? Kapena magetsi amuchulukira m'thupi?"

Tebulo lonse linagwa ndi phwete. Wina anawonjeza kuti ndigule tochi yaikulu kuti ndizikawaunikira bwino. Tsiku limenelo ndinagunditsa chitsulo pa mzati, koyamba pa zaka khumi ndi ziwiri, kapitawo mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.

Loweruka lachinayi Stipe anabweranso, Delma anapitanso, ndipo sitinalankhulane mpaka Lolemba. Ndinayamba kuona zinthu zimene sindinkaziona kale. Delma wameta tsitsi, ndiye kuti wametera iyeyo. Wagula khofi wa mtundu wina, ndiye kuti wam'zolowera kumeneko. Botolo la matimati lija ndinalitaya m'bini mwakabisira, n'kunama kuti lagwa.

Loweruka lachisanu Delma anapita ndi ana ku Port Augusta kumene Narelle ankasewera mpira wamanja. Ine ndinatsala dala. Cha m'ma 3 koloko kugogoda kuja kunamveka.

"Pepani a Lindsay. Mayi Delma alipo?"

"Kulibe. Koma ine ndilipo."

Nkhope yake inagwa pang'ono, ndipo ndinaiona ikugwa. "Palibe kanthu, ndidikira."

"Simudikira. Tiyeni."

Kachikwama Delma anali atapita nako. Ndinalowa m'shedi mwanga n'kudula kachidutswa ka waya wa kopa wonenepa ngati mtengo wa machesi, umene ndinkamangira zida zowedzera nsomba. Mawu aja a ku ukwati ndinali nditawamva ndi makutu anga, ndipo Delma anali atawabwereza pamaso panga kosawerengeka. Sindinganame kuti sindinkadziwa. Maganizo anga anali amodzi: waya uyu sadzapsa, ndipo munthu uyu sadzagogodanso pakhomo panga.

Tinafika pabokosi la Stipe. Ndinatambasula dzanja kuti ndizule fyuzi.

"Mayi Delma amayamba atsitsa iyo," anatero Stipe, akuloza swichi yaikulu.

"Ndikudziwa."

Ndinaitsitsa.

"Amafunsanso kaye ngati ndazula zonse m'nyumba."

"Mwazula?"

"Ndazula."

"Ndiye khalani chete."

Fyuzi yopsa anachita kundilozera yekha, poti ankaidziwa. Ndinamasula timasikuluwu ndi nsonga ya mpeni, n'kukanikizamo waya wanga uja. Stipe anaweramira pafupi.

"Wa Mayi Delma ndi wowonda," anatero.

"N'chifukwa chake mumavutika Loweruka lililonse. Uyu ndi wachimuna. Simudzafunanso munthu."

Ndinabwezera fyuzi, n'kukweza swichi maso nditatsinzina. Firiji inayamba kulira m'khitchini. Stipe anandithokoza, nandiitanira khofi. Ndinati khofi sindimwa, n'kubwerera kwathu ndikuyenda ngati ndagwetsa mkango.

Sipanathe theka la ola, galimoto yathu inaima panja. Mvula inali itasokoneza masewero, ndiye anabwerera msanga. Delma analowa akukutumula jekete, ine nditakhala pampando, miyendo pa tebulo.

"Bwenzi lako linabwera," ndinatero. "Ndam'konzera. Loweruka likubwerali upume."

Anaima, dzanja limodzi likadali m'jekete. "Wakonza iwe?"

"Ine amene."

"Kachikwama ndinali nako ine. Waya wam'tenga kuti?"

"M'shedi."

Sanafunsenso china. Anatuluka liwiro, ine pambuyo. Sanadzere kugeti, analumpha kampanda ka kutsogolo, mayi wa ana awiri, siketi m'manja. Sanagogode kwa Stipe. Anathamangira kubokosi n'kutsitsa swichi yaikulu ndi dzanja lonse. Pamenepo m'pamene fungo linandifika, fungo la pulasitiki yopsa. Anayandikiza kuseri kwa dzanja pa fyuzi yanga ija n'kulibweza msanga.

"Stipe!" anakuwa, akukankha chitseko cha khitchini.

M'khonde la m'kati munali utsi. Chitseko cha chipinda cha kumbuyo chinali chotsegula, ndipo Stipe anali ataima pakati, ndowa ya madzi m'manja, atatsala pang'ono kukhuthulira pakhoma pamene pankatuluka utsi.

"Ndazimitsa kunja, thirani tsopano!" anatero Delma.

Anathira. Kapeti inalira kuti tswii, utsi n'kuchuluka, kenako n'kuyamba kuchepa. Delma anatsegula windo. Atatembenuka anam'gwira Stipe pamkono.

"Mukanathira ndisanazimitse, bwenzi pano tikukuyang'anani muli gone pansi. Madzi ndi magetsi oyaka, ayi. Mwamva?"

Utsi utapungula ndinaona chipindacho. Soketi ya pakhoma inali itasungunuka, khoma lada mpaka m'chiuno. Pa soketi imodziyo panali hita ndi simbi yamagetsi yakalekale, chingwe chake cha nsalu, chomatidwa ndi tepi malo atatu, tsopano chitapsa ngati chingwe cha nyale. Pakona panali makina osokera ovundikiridwa bwino. Ndipo pa chitseko, pa windo, pa msana wa mpando, paliponse panali madiresi a Ankica pa mahang'ala. Limodzi la madontho oyera linali pa thabwa lositira, mkono umodzi wosita, wina wosasita.

Stipe anaika ndowa pansi n'kukhala pa bedi. Sanatiyang'ane.

"Loweruka ndilo linali tsiku lake losita," anatero. "Simbi iyi tinabwera nayo pa sitima. Ndikaiyatsa, chipinda chimanunkhira ngati alipo. Ndimasita onse, ndimabwezera mu kabati. Loweruka linalo ndimatulutsanso." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Ndikanakuuzani, Mayi Delma, mukanati nditaye simbi."

Delma anakhala pambali pake, n'kunyamula diresi la madontho lija kuliika pamiyendo pake kuti lisanyowe. Ine ndinaima pakhomo ngati mtengo. Ndikanayenera kumva manyazi okhaokha, ndipo manyazi ndinamva. Koma ndinaonanso mmene phewa lake linagundira phewa la Stipe, ndipo nsanje ija inandigwiranso, utsi wa moto wanga womwe usanathe n'komwe m'chipindamo.

"Lindsay," anatero Delma osandiyang'ana, "pita ukaimbire Merv Kloeden. Umuuze kuti ndi lero, osati Lolemba."

Merv anabwera dzuwa lisanalowe. Delma anali atazula kale fyuzi ija itazizira n'kuiika m'thumba mwake kuti wina asayatsenso mbali imeneyo. Merv ataiona anaimba mluzu wautali.

"Wapanga izi ndani? Ameneyu ngofunika kum'manga manja."

Ine ndinayang'ana pansi. Stipe anati, "Ndine." Merv anapukusa mutu n'kuyamba kum'lalatira, ndipo Stipe anangowerama n'kulandira zonse. Chimenecho sindinam'khululukire msanga. Kundipulumutsa pamaso pa mkazi wanga kunandipweteka kuposa kundiulula.

Kunyumba Delma anatumiza ana kwa anzawo, n'kuika waya wanga uja pakati pa tebulo.

"Ukanapha munthu chifukwa cha khofi," anatero.

"Sindinkafuna..."

"Khala chete, sindinathe. Iwe ndiwe chitsiru, koma chitsiru chachikulu ndine. Kanayi konse ndinkadziwa kuti akundinamiza. Ndinaswa lamulo la bambo anga chifukwa chomumvera chisoni, ndipo chisoni changacho chikanamuwotcha ali m'nyumba. Ndikanaitana Merv sabata yachitatu, iwe sukanapeza mpata wochita zopusa zakozi."

Analira pang'ono, mokwiya, akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anandifunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Ine nditafa, madiresi anga ungasite?"

Ndikanatha kuyankha zambiri. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Kusita sindidziwa."

Ananyamuka n'kundisiya patebulo. Masiku asanu ndi awiri sanandilankhule kupatula za ana. Waya uja anakhala patebulo masiku onsewo, pakati pa mchere ndi shuga, ndipo palibe anayerekeza kum'chotsa.

Tsiku lachisanu ndi chitatu linali Lamulungu. Ananditengera kubokosi lathu la mita, nandipatsa kasikuludiraiva kofiira kaja.

"Pukuta manja. Wazula zonse m'nyumba? Pita ukaone, usandiyankhe uli pano."

Anandichititsa kasanu. Kutsitsa swichi, kuzula, kuyang'ana nambala yolembedwa pa fyuzi, kusankha waya wa nambala yomweyo pa kakatoni, kumukulunga pa sikuluwu osam'koka kwambiri, kudula zotsala. Ndikalakwitsa ankandimenya pa dzanja ngati mwana wa sukulu. Kachisanu anati, "Basi, sufa." Ndiwo anali mawu achikondi oyamba amene ndinalandira mwezi umenewo.

Merv anasintha mawaya a kwa Stipe n'kum'ikira bokosi la timaswichi tongogwa tokha. Simbi ija Delma sanam'tayitse. Anadula chingwe chake n'kum'bwezera kuti aziisunga pa shelefu, nam'perekeza kukagula ina. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma Delma analengeza kuti munthu uja sangamadye yekha Lamulungu, ndiye kuyambira mwezi umenewo Stipe ankadya nafe nkhomaliro ya Lamulungu lililonse.

Chilimwe chitafika Stipe anandiitana kuti tikawedze ku doko. Ndinapita chifukwa Delma anandiyang'ana. Tinaponya mbedza m'madzi. Kenako iye anati:

"A Lindsay, ndikuuzeni chinthu. Kawiri koyamba sindinkadziwa kuti ndi simbi. Kuyambira kachitatu ndinkadziwa. Ndinkailumikiza ndikudziwa kuti ipsereza fyuzi."

"Chifukwa?"

"Ikapsa, munthu amabwera. Mkazi wanu akalowa m'nyumba, nyumba imakhala ndi mawu." Anakoka chingwe chake pang'ono. "Sindinam'khudzepo, ndipo iye sakanalola. Koma malaya aja ndinkasitira iye. Simunalakwitse zonse."

Ndinaganiza zom'kankhira m'madzi. Ndinayang'ana kutalika kwake, n'kuyang'ana kwanga, ndipo ndinangom'pempha nyambo. Mawu amenewo sindinamuuze Delma mpaka patapita zaka zambiri. Nditamuuza anangoti, "Ukuganiza kuti sindinkaona malaya? Maso ndili nawo." Usiku wake tulo sindinatione bwino.

Stipe anadya nafe zaka khumi ndi zinayi. Anaphunzitsa Kym kuyendetsa galimoto, anavina ndi Delma pa ukwati wa Narelle nyimbo ziwiri zotsatizana, ine ndikuwerenga. Nthabwala zake zinali zomwezomwezo chaka ndi chaka, ndipo Delma ankagadamitsa mutu ulendo uliwonse. Ndinayesapo kunena nthabwala imodzi ya Stipe yomweyo iye kulibe, Delma anangoti, "Wailakwitsa pothera." Sindinganene kuti ndinkadana ndi Stipe. Nditathyoka mwendo mu 1989, ndiye ankanditengera kuchipatala Lachiwiri lililonse, n'kumandidikira panja. Koma sindinasiyepo kuyang'ana mpando umene wakhala, ngati wayandikira kwambiri.

Anamwalira mu 1996, mtima utangoima ali m'dimba mwake. Makina osokera a Ankica anasiyira Delma, ine anandisiyira ndodo zowedzera. Ndinanyamula nawo bokosi lake, kutsogolo kumanja. Delma analira masiku atatu, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinkadzifunsa ngati pa maliro anga adzafike masiku atatu.

Pano Delma ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi ziwiri. Nyumba zonse za mu msewu mwathu anaziikira mabokosi atsopano, ndipo wogogoda kufunsa za fyuzi kulibenso. Ndinkayesa kuti tsopano ndipuma. Koma Kym anam'gulira foni ya makono, ndipo pasanathe miyezi itatu Delma anali ataidziwa kuposa Kym yemwe. Lachinayi lililonse m'mawa amapita ku laibulale kukaphunzitsa okalamba anzathu kutumiza zithunzi kwa adzukulu. M'kalasi mwake muli amayi asanu ndi mmodzi ndi bambo mmodzi, Desmond, amene anali woyendetsa sitima yapamtunda, mkazi wake anamwalira chaka chatha. Desmond foni yake imavuta sabata iliyonse. Akuti zithunzi zimangosowa zokha.

Ndimam'perekeza Delma pa galimoto, ndimati n'chifukwa cha bondo lake. Ndimaimika pansi pa mtengo woyang'anana ndi windo la laibulale, nyuzipepala pa chiwongolero. Lachinayi lapitali anatuluka mochedwa ndi mphindi khumi ndi zisanu, atanyamula botolo la uchi.

"Wa Desmond," anatero akukhala pampando. "Ali ndi ming'oma itatu. Ndamuuza kuti abwere Lamulungu adzadye nafe. Tiye, tidzere kogula nyama, ndipo nyuzipepala yakoyo waigwira chozondoka."